Khoma la a Kopolo Langford

Zaka zija nkhalango ya Luangwa idakali Gemu Rizevu, pa kampu ina ya magadi a nyama m'mbali mwa mtsinje wa Lupande panali a Kopolo Langford, mkulu wa magadiwo, munthu wokhulupirira khoma la sitolo yosungiramo ufa kuposa anthu onse opuma mpweya. Lupande ndi mtsinje wodzaza mwakabisira n'kuphwera kusanayere, choncho m'mawa uliwonse wa dzinja a Kopolo ankawerenga mizere ya mabuloko a simenti imene yanyowa. Ukanyowa mzere wachitatu, matumba a ufa ankasamutsidwira kumtunda, chifukwa pamwamba pa mzere umenewo ndi pamene panayambira chitseko.

Chaka china m'sitolomo munali matumba makumi awiri, chakudya cha mabanja onse a pakampu mpaka msewu udzaume mu Epulo. M'mawa wina Silas, mmisiri womanga wa pakampupo, munthu wochita chimene wauzidwa osawonjezera kapena kuchotsera, anawapeza a Kopolo atanjuta patsinde pa khomalo. Thalauzi la Silas linali likudontha madzi.

"Mwauka bwanji, a Kopolo? Ndabwera kuti tiyambe kutulutsa matumba."

"Apite kuti?" anafunsa a Langford osatembenuka n'komwe.

"Kumtunda. Mtsinje unanyambita mzere wachitatu."

"Wakuuza ndani?"

"Palibe. Ndinalimo ndekha. Cha m'ma faifi ndinabwera kudzachotsa wilibala yanga, madzi anandilekeza m'mawondo."

A Langford anasisita buloko ndi chikhatho, n'kuchiyandikiza pamphuno pa Silas.

"Ona. Fumbi lokhalokha. Khoma likuti mtsinje sunabwere."

"Khoma silinganenenso kanthu, a Kopolo. Ndinalipaka mankhwala aja."

"Mankhwala ati?"

"Oletsa madzi kulowa m'simenti. Anabwera pa lole mu Okutobala, zigubu ziwiri. Munati ndipake makoma onse, ndisasiye ngakhale limodzi. Ili nalo ndi khoma."

A Kopolo anaseka kaseko kawo kaja kotulukira m'mphuno, kamene ankasungira anthu opanda nyota paphewa.

"Aja? Madzi a pachitsime otsekeredwa m'chigubu aja? Iwe Silas, penti imaoneka. Laimu amaoneka. Ngakhale ndowe ukamata pakhoma imaoneka. Iwe unatha masiku folo ukusisita khoma ndi burashi, pomaliza khoma linali momwe linalili. Ndinangokuleka chifukwa munthu wopanda chochita amayamba miseche."

"Amalowa mkati, a Kopolo. Ndinatsuka khoma, ndinalidikira liume, ndinapaka kawiri monga analembera pachigubu. Saoneka, koma amagwira."

"Chosaoneka chimene chimagwira ndi ufiti basi. Ndipo ufiti subwera pa lole ndi kalata."

Silas anapita kunyumba kwake, n'kubwerako ndi kapu yodzaza madzi, nawakhuthulira pa mzere wachitatu. Madziwo anangoundana timadontho tobulungira, n'kutsetsereka ngati pa tsamba la koko, buloko n'kutsala mbee.

"Mwaona?"

"Ndaona kuti umataya madzi amene mkazi wako wavutika kutunga."

"Koma buloko silinanyowe."

"Aa, madzi a m'kapu ndi aulesi. Madzi a Lupande amakokolola njati. Akanafika pano akanasaina."

"Nanga mlamba uwo uli pasitepepo?"

A Langford anauyang'ana mlambawo ngati wabwera wopanda chilolezo.

"Nkhwazi yaugwetsa."

"Ilipo itatu."

"Ndiye kuti nkhwazi zinali zitatu."

"Nanga bango ili landanda mzere kuchokera pakona mpaka pamtengo apo?"

"Mphepo."

"Nanga thalauzi langa?"

"Chimene chanyowetsa thalauzi lako sindikuchidziwa, ndipo sindikufuna kuchidziwa."

Silas sanali munthu wokwiya msanga, koma mantha anamugwira ndithu. Ana ake anayi ankadya kuchokera m'matumba omwewo, ndipo ufa ukanyowa m'dzinja la kuchigwa umachita nkhungu tsiku lachiwiri lisanathe. A Kopolo nawo sikuti anali osaona. Kungoti kwa zaka khumi ndi chimodzi ankauza gadi aliyense watsopano kuti khoma limeneli silinanamepo, ndiye kuvomera kuti latsekedwa pakamwa ndi mankhwala amene iwo anawaseka pagulu kunali ngati kuvula yunifomu pa peredi. Anasankha kuti ufa uone wokha chochita.

"A Kopolo," anatero Silas modekha, "wakutsina khutu ndi mnansi."

"Mnansi wanga ndi khoma ili. Silimwa mowa, siliopa ng'ona, silinandipemphepo tchuthi."

"Koma kumapiri uko kwada bii. Madzi abweranso, ndipo abwera ambiri."

"Manje ndiwe wa zanyengo? Magadi onse apita ku Mnkhanya kukathamangitsa njovu m'minda. Tatsala ine ndi iwe. Ukufuna Kopolo wathunthu asenze matumba thwente kukwera mtunda chifukwa cha mlamba?"

"Nditha kusenza ndekha. Ingondipatsani kiyi."

"Awe. Ukasenza iwe, anthu adzati Langford anasamutsa ufa khoma lili louma. Adzati Langford anayamba kumvera mmisiri wopaka madzi."

"Ndiye ndichite chiyani?"

A Langford anaimirira, n'kukonza lamba, n'kuloza Silas ndi chala pachifuwa.

"Tchera khutu, poti iwe mawu umawameza ndi minga yomwe. Usakhudze thumba ngakhale limodzi mpaka buloko la mzere wachitatu litanyowa. Uone ndi maso, ukhudze ndi dzanja. Ukalakwira lamulo limeneli, ntchito yako yatha."

"Ngakhale wina atandiuza kuti ndinyamule?"

"Ngakhale wina."

"Ngakhale inuyo?"

"Makamaka ineyo. Ndimadzidziwa, ndili ndi mtima wofewa, ukhoza kundinyengerera. Wolamula ndi khoma. Bwereza."

"Sindikhudza thumba mpaka buloko la mzere wachitatu litanyowa, ngakhale a Kopolo atandiuza."

"Eya. Manje wayamba kukhala ndi nzeru."

A Kopolo anapita kukagona pansi pa mtengo, chipewa kumaso, okhutira ngati munthu amene wapambana mlandu. Pakampu sipanagwe ngakhale dontho. Mvula inagwera kumapiri, ndipo dzuwa litangopendeka Lupande inabweranso, yofiira ndi matope, itanyamula mitengo ndi mapesi a minda ya eni. Pamene a Langford ankadzidzimuka n'kuthamangira kusitolo, jombo zili m'manja, madzi anali atameza mizere iwiri ndi theka la wachitatu. Mafunde ankamenya pamwamba pa mzerewo n'kubwerera, ndipo lililonse linkasiya madzi pang'ono pansi pa chitseko. Silas anali ataima momwemo, madzi m'mawondo, dzanja lili pakhoma.

"Mwaswera bwanji, a Kopolo?"

"Ukupereka moni? Nayi kiyi, tsegula, nyamula matumba."

Silas anatsegula chitseko, chifukwa za chitseko panalibe lamulo. Kenako anabwerera pamalo pake.

"Iwe, ndati nyamula."

"Ndamva. Koma munati ngakhale inuyo."

"Ndinanena m'mawa. Ino ndi thuu koloko."

"Simunatchule nthawi, a Kopolo."

"Mzere wachitatu uli m'madzi, sukuona?"

"Theka lili m'madzi, ndiye sindikuliona. Theka limene ndikulionali," anadikira funde limenye n'kubwerera, n'kusisita ndi chikhatho, "ndi louma."

"Funde langomenya pomwepo."

"Lamenya, koma silinasaine."

A Langford anasuzumira m'sitolo. Madzi anali atayamba kuyenda pansi kulunjika matumba a mmunsi. Silas naye ankawaona, mtima ukumuwawa, koma ankadziwanso kuti a Kopolo saiwala lamulo lolakwiridwa ngakhale patapita zaka.

"A Kopolo, ndi mawu ochepa chabe. Ingonenani kuti mankhwala aja amagwira ntchito ndipo khoma silingathenso kuyeza madzi. Pamenepo lamulo lafa lokha, ine ndinyamula awiriawiri."

A Langford anatsegula pakamwa. Anayang'ana khoma, anayang'ana ufa, n'kutsekanso. Mawu amenewo anali ndi minga, anakana kudutsa pakhosi. M'malo mwake anavula chipewa cha boma, n'kutunga nacho madzi, n'kuwaza pa mzere wachitatu.

"Taona manje. Lanyowa."

Silas anawerama, n'kukhudza.

"Louma."

Anatunganso, n'kuwaza mwamphamvu.

"Manje?"

"Louma, a Kopolo. Ndinapaka kawiri."

"Ndani anakuuza kuti upake kawiri?"

"Chigubu."

"Nanga apa pakona?"

"Pakona ndinapaka katatu. Mankhwala anatsalako pang'ono, ndiye munati ndisabweze kanthu."

Kopolo wa magadi a nyama, munthu amene opha nyama mozemba ankathawa akangomva dzina lake, anagwada m'matope n'kuyamba kulisambitsa khoma ndi manja onse awiri. Analithira, analisisita, analipaka thovu la mtsinje, analinyengerera ndi mawu achikondi amene ngakhale akazi awo anali asanawamvepo. Khomalo, limene analitamanda zaka zonsezi, linkangogwetsa timadontho n'kumuyang'ana mbuye wake lili gwa. Mkati, thumba loyamba linali litasintha kale mtundu mmunsi mwake.

A Langford anadzuka, matope mpaka m'ndevu, n'kuthamangira m'sitolo. Anadzikweza thumba paphewa, n'kutulukira nalo pakhomo. Anapeza Silas adakali chiimire, dzanja pabuloko, akudikira funde lina mwaulemu wonse.

"Iwe Silas," anakuwa a Kopolo, "munthu wamkulu, wa ana folo, madzi ali m'mawondo mwako, ukufunsa khoma? Khoma lili ndi maso?"