Tikufuna Amene Anazimitsa Jeradolo

Olemekezeka bambo amene mwaimirira a Administradolo a boma lathu la Maravia. Olemekezeka ashefi oyang'anira maposto, madera athu a Chipera ndi Malowera, amene mwagwedezeka pa mota m'misewu ya fumbi kuti mutipeze. Olemekezeka mafumu athu, eni nthaka imene tapondayi. Olemekezeka Dona Rebeca, diretola wa shikola ino, amene mwatibwereka denga ndi mipando. Abusa ndi akatekisita, aphunzitsi ndi makolo. Ndi inu achinyamata amene mwaunjikana m'mazenera ngati njuchi pamng'oma, nonse ndakupatsani moni. Mwaswera bwanji kuno ku Fingoe?

Aa, kuyankha kumeneko ndi kwa anthu osadya. Ndati mwaswera bwanji? Eya, tsopano ndamva kuti ndafika kwathu.

Kwa amene simundidziwa, ndine Edite Silvano, mwana wa ku Malowera, ndipo ntchito yanga ndi kukonza matelefoni ndi makomputadolo mumzinda wa Tete. A Leonel ndi a Cátia, atsogoleri a gulu la achinyamata la Tiyese Nawo, atandiimbira kuti ndidzakhale mlendo wolemekezeka, ndinawafunsa kuti, "Kodi anthu aulemu atha ku Maravia?" A Cátia anati, "Alipo ambiri, Dona Edite, koma amene amadziwa kugwira komando ndinu nokha." Kwa akuluakulu amene mawuwa akudutsani, komando ndi kachipangizo ka mabatani kamene ana amafinya akamasewera mpira kapena kuthamangitsa magalimoto pa televizawu. Ndinavomera msanga asanasinthe maganizo.

Tasonkhana kuti tipeze alangizi. Achinyamata athu akufuna kukonza chikondwerero cha masewera a pakanema, choyamba cha boma lonse, ndipo Dona Rebeca anena mosapsatira mawu kuti chipinda chino sachitsegula pokhapokha patakhala bungwe la akuluakulu oyang'anira. Popanda alangizi palibe chipinda, ndipo popanda chipinda palibe chikondwerero. Adiretola sanaumire mtima pachabe. Ambiri mukukumbukira za chaka chatha, koma pali alendo, choncho ndiloleni ndifotokoze monga anandifotokozera eni ake.

Chaka chatha, chimanga chili m'nkhokwe, a Leonel ndi anzawo anachititsa kampikisano m'baraka ina, kachisakasa ka malonda, kuseri kwa msika. Anabwereka televizawu, anabwereka jeradolo yopangira magetsi, makomando awiri anali awo. Ankayembekezera ana ochepa a pafupi, koma kunabwera khwimbi, ena pa njinga, ena wapansi kuchokera kumidzi. Madzi akumwa panalibe amene anawaganizira, chakudya chimodzimodzi. Dzuwa litapendeka, kunatulukira azibambo ochokera ku galimpo, kokumba golide kuja, dothi lili mbuu, mabotolo ali m'manja. Anaonerera pang'ono, kenako n'kuyamba kubetcherana pa ana, uyu wanga, uyo wako, ngati atambala.

Amene ankagonjetsa onse tsikulo anali mtsikana, Sónia, wa kalasi yachisanu ndi chitatu. Atafika mu finali, bambo wina amene anabetcha kuti mtsikanayo agonja anayamba kumukalipira, mpaka kumugwira dzanja kuti aphonye. Mwana analira, koma komando sanaitaye. Wina anathamangira kumsika kukauza amayi a mtsikanayo, mayi Genoveva, amene amagulitsa tomato ndi anyezi. Mayi Genoveva sanalowe m'baraka, sanakangane ndi munthu. Anazungulira kuseri, n'kupeza jeradolo ikulira, n'kuizimitsa. Zii.

A Leonel anatuluka akuthamanga. "Amayi, mwazimitsa finali!"

Iwo anati, "Ine ndazimitsa njuga, mwanawe. Finali yakoyo sindinaione."

Anatenga mwana wawo, anatenganso tiana tina tanjala timene tinali pakhomo, n'kukatigulira mandasi kumsika. Kuyambira tsikulo Sónia sanagwirenso komando, ndipo achinyamata ena akaona mayi Genoveva amadzera njira ina. Mukuseka, koma ndikuona ena kumbuyoko akubisa nkhope.

Nditamva nkhaniyi ndinakumbukira amayi anga, malemu Glória. Ine ndinakulira ku Zambia, kufupi ndi Petauke, kumene tinathawira nthawi ya nkhondo, monga ambiri a inu muli muno. Kumeneko wasitolo wina anali ndi kanema wa masewera, wa kamunthu kothamanga ndi kudumpha maenje. Ife atsikana sankatilola, ankati tiwononga mabatani. Ine ndinkaima pakhomo ndi ndowa yanga ya madzi mpaka mwini sitolo anatopa nane n'kundipatsa mpata. Tsiku limenelo madzi anafika kunyumba mochedwa, tsiku lotsatira sanafike n'komwe. Amayi anabwera kudzanditenga ndi kamtengo ka mpesa m'manja.

Wasitoloyo anali wochenjera pakamwa. Anati, "Amayi, mwana ndi wanu, mumukwapula ndithu. Koma taimani pang'ono, amalize kaye ulendo wake."

Amayi anaima, nkhope ili gwa. Anayang'ana kanemayo, n'kufunsa kuti, "Kamunthuka kakuthawa chiyani?"

Ndinati, "Sikakuthawa, amayi, kakupita kwawo."

Anayang'ananso kanemayo. Ife amene tinali kudziko la eni, mawu akuti kupita kwawo sanali opepuka. Kamunthu kaja katafika pa dzenje lalikulu, ndinangomva kumbuyo kwanga, "Dumpha! Dumpha iwe, ugweramo!" Anali amayi, kamtengo kali m'mwamba ngati akuimbitsa kwaya.

Musaganize kuti ndinapulumuka. Ndinakwapulidwa bwinobwino titafika kunyumba, chifukwa madzi ndi madzi. Koma m'mawa mwake amayi anabwerera kusitolo kuja n'kukhala pansi ndi mwini wake. Anamuuza kuti nthawi ya shikola kanemayo azikhala wozima, mwana wotumidwa ayambe wafikitsa zimene watumidwa, ndipo atsikana azisewera mofanana ndi anyamata. Wasitolo anavomera, poti amayi anga ankatsogolera amayi a mpingo, ndipo sopo ndi mchere ankagula kwa iye. Kanemayo atawonongeka, ine ndinali pomwepo pamene ankamutsegula kumbuyo, ndipo nditaona timawaya ta m'kati mwake mtima wanga sunabwererenso. Ntchito imene ikundidyetsa lero inayambira pamenepo. Akanakhala kuti amayi anangondiletsa, bwenzi ndilibe. Akanangondilekerera, bwenzi shikola nditaisiya.

Ndiye achinyamata, mvetsani. Mlangizi si munthu amene amakuomberani m'manja pa chilichonse. Wotere ndi woonerera, ndipo oonerera mudzakhala nawo ambiri. Mlangizi ndi amene amafunsa funso lokutopetsani lero kuti lisadzakulizeni mawa. Ana a ku Chipera adzagona kuti? Adzabwera ndi ndani? Tsikulo lisagundane ndi mayeso, lisagundane ndi kubzala, ndipo abusa andinong'oneza kale kuti lisakhudze Lamulungu m'mawa. Magetsi akathima tidzatani? Masewera ena ndi a mpira, ena ndi ongokhetsa magazi, ndipo ife amene tinaona mfuti zenizeni tili ndi ufulu wofunsa kuti ana athu aonetsedwa ati. Ndipo pakhomo padzaima ndani wouza bambo wa botolo kuti, pepani, kuno si kwanu?

Nanunso makolo, ndikupempheni. Musanene kuti izi n'za ana, sitizidziwa. Simukufunika kudziwa mabatani, mukufunika kudziwa ana. Ana amenewa tikapanda kuwakonzera malo oyera osangalalira, ku galimpo kuli anthu amene awakonzera kale malo, ndipo mukudziwa kuti ena amapita kumeneko osabwereranso m'kalasi. Ine kumbali yanga ndidzabwera ndi makanema awiri ndi anyamata anga a ntchito, ndipo tsiku lachiwiri la chikondwererocho tidzatsegula telefoni yakufa pamaso pa ana kuti aone zam'kati. Mwina mwa iwo muli amene adzandilande makasitomala. Ndidzadandaula, koma pang'ono.

Mipando ya alangizi ndi iyi mwaiona kutsogoloyi, ndipo ilibe eni. A pulofesolo Olímpio, amene mumaphunzitsa masamu, mwadzutsa dzanja kapena mukuingitsa ntchentche? Mwadzutsa. Bwerani, aombereni m'manja. Mayi Júlia a kuchipatala, ndakuonani, musabisale kuseri kwa amfumu. Ana akakomoka ndi njala adzabwera kwa inu ndithu, bola mudzawaletse kukomoka. Zikomo, khalani apa. Ashefi a Chipera ndi Malowera andilonjeza kuti posto iliyonse itumiza kholo limodzi sabata isanathe, ndipo alonjeza pamaso pa mafumu.

Mpando wapakatiwu ndi wa wotsogolera bungwe. A Leonel anandipempha okha kuti ndinene izi m'malo mwawo. Mayi Genoveva, muli kumbuyoko pafupi ndi chitseko, ndipo ndikudziwa kuti mwasiya tomato ndi mnzanu. Achinyamatawa akuti munalondola. Akuti iwo anaona kanema, inu munaona ana. Akukupemphani kuti muwatsogolere.

Musawakakamize, asiyeni aganize. Khalani chete kumazenerako.

Mayi Genoveva akuyankhula. Kwa amene simukumva, ndikubwerezerani. Akuti choyamba, mowa ndi kubetcha zisayandikire mpanda wa shikola. A Leonel, mwamva? Akuti amva. Chachiwiri, mwana aliyense adye asanagwire komando. Chachitatu, finali ya Sónia imene inaduka ija iseweredwe kaye chikondwerero chisanayambe, ndipo iwo adzakhala pambali pake. Sónia, uli kuti? Pukuta misozi, mwanawe, ukayambe kukonzekera, chifukwa mnzako amene unkapikisana naye mu finali wakhala akuyeserera chaka chonse.

Pali chinanso? Akuti chilipo. Akuti pakhalenso mpikisano wa makolo, chifukwa sangayang'anire chinthu chimene sanachilawe, ndipo akufuna kuyamba ndi abusa a mpingo wawo. Abusa Nazário, mpingo wonse wamva, ndipo kuthawa kulibe. Mwati bwanji? Akuti avomera, bola wina awaonetse kumene kuli batani lomenyera mpira.

Bwerani, mayi Genoveva, njira ndi iyi. Achinyamata, apatseni mpata, lero palibe chodzera njira ina. Khalani pampando wanu.

Olemekezeka nonse, ndinabwera ndi mawu ambiri okopa anthu, koma ndaona kuti otsalawo ndibwerera nawo ku Tete. Choncho, mwa ulemu umene mwandipatsa, pamaso pa boma, pamaso pa mafumu ndi pamaso pa ana athu, ndikulengeza kuti bungwe la alangizi a chikondwerero cha masewera a pakanema m'boma la Maravia lakhazikitsidwa, ndipo ntchito yake yatsegulidwa kuyambira tsopano lino. Amayi wotsogolera, msonkhano ndi wanu.

Zikomo kwambiri.