Chiponde changa chitalephera ku labu

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine Esinati wa ku Machinjiri, amene ambiri mumanditchula kuti Mayi a Chiponde. Lero sindikutsatsa malonda ayi, ndabwera ndi umboni. Bizinesi yanga inatsala pang'ono kugwa chifukwa cha poizoni wosaoneka ndi maso, ndipo Mulungu anandipulumutsa m'njira imene ine sindinapemphe n'komwe.

Ntchito yoyendetsa lole ya amuna anga, bambo a Tamanda, itatha, nyumba yonse inatsamira pa chiponde changa. Ndinkagula mtedza wamakoko m'matumba, n'kuswa, kukazinga, kugayitsa, kenako n'kuthira m'mabotolo. Ndinkagulitsa kutchalitchi, pasiteji ya minibasi ndi kwa aneba. Sindikudzitama, koma amene analawapo akudziwa kuti dzanja langa ndi labwino.

Tsiku lina mwini shopu ina yaikulu ku Limbe analawa chiponde changa kwa mlamu wake, n'kundiitanitsa. Anati andipatsa shelefu yanga ndekha, bola chiponde chikayezedwe kaye ku labu kuti aone ngati chilibe poizoni wa chuku. Anati adikira mpaka kutha kwa mwezi wotsatira, apo ayi malowo apatsa wina. Ndinabwerera kunyumba ndikuyimba m'minibasi. Za labuzo sindinade nazo nkhawa, pajatu mtedza wanga ndimausankha ndi manja angawa, wofota ndi wakuda wonse ndimataya.

Ndinapita nalo botolo ku labu nditalipempherera bwinobwino. Zotsatira zitatuluka, anandiuza kuti poizoniyo, amene iwo amamutcha afulatokisini, wachuluka kupitirira mlingo wololedwa pa chakudya cha anthu. Abale anga, kunyumba mabotolo anali mbwee patebulo, ndipo sindikanathanso kugulitsa ngakhale limodzi ndikudziwa zimenezi. Chimene chinandipweteka koposa n'chakuti Tamanda ndi mng'ono wake ankadya chiponde chomwechi mmawa uliwonse m'phala. Ndinalira, ndinasala kudya, ndipo pemphero langa linali limodzi: "Ambuye, makina aja akhale kuti analakwitsa."

Mukundidziwa kuti pakamwa sindichedwa. Ndinamanga chitenje n'kubwerera ku labu kukakangana nawo. Amene anandilandira anali bambo Jafali, mmodzi wa oyeza zinthu kumeneko, Msilamu wa ku Ndirande, munthu wofatsa moti ukamukalipira umachita manyazi wekha. Ndinawauza kuti makina awo ndi okutha, akaagulitse kwa a zitsulo. Iwo anangoseka, n'kukapempha abwana awo kuti ndiime pagalasi ndione ndekha mmene amayezera.

Ndinaona zonse. Anatapa chiponde changa n'kuyeza pa kasikelo kakang'ono, anathira m'kabotolo ka mankhwala ooneka ngati madzi, n'kukhutchumula kwa nthawi ndithu kuti poizoni atuluke m'chipondemo alowe m'mankhwalawo. Kenako anasefa, n'kuviika kapepala kofanana ndi kaja koyezera malungo kuchipatala, ndipo kamakina kanawerenga mizere yake. Pambali anayezanso sampulo ina, ndiye kuti chiponde china chotapa pang'ono, yomwe ankaidziwa kale kuti ndi yabwino, kuti ndione kuti makinawo sakondera. Yawoyo inakhoza, yanga inalepheranso.

Ndinkati andithamangitsa, koma anandikhazika pampando. "Mayi, poizoniyu sagwa kumwamba, ali ndi khomo lolowera," anatero. "Tiyeni tilipeze." Anandiuza kuti ndibweretse mtedza wamakoko wochokera m'matumba, komanso mtedza woswa kale umene ukudikira kukazinga, chilichonse pachokha.

Apa ndiye ndinachita zoseketsa. Kwathu tinaleredwa kuti ukamapita ndi chinthu kwa munthu waulemu, umasankha chabwino. Ndinakhala pamkeka n'kusankha mtedza wonenepa wokhawokha, wosalala, ngati wopita nawo kwa apongozi. Bambo Jafali atatsegula jumbo anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati sampulo si mphatso, iyenera kunena zoona za thumba lonse, choncho nditape pamwamba, pakati ndi pansi pa thumba lililonse, osayang'ana, n'kusakaniza. Anati njere zowerengeka zokha zimatha kuipitsa ndowa yonse ya chiponde, ndipo zina mwa izo zimaoneka zokongola ndithu. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ndinabwereranso ku Machinjiri kukatapa ngati wakhungu.

Zotsatira zinandidabwitsa. Mtedza wamakoko unali bwinobwino, koma woswa uja unali woipa. Ndiye kuti wondigulitsa mtedza, amene ndinali nditamutukwana kale mumtima, analibe mlandu. Vuto linali pakhomo panga.

Bambo Jafali anandifunsa kuti ndimaswa bwanji. Ndinafotokoza monyadira kuti ndimachita mmene amayi anga ankachitira ku Phalombe: ndimawaza madzi pamtedza, n'kufunditsa chiguduli kuti makoko afewe, zala zisapweteke komanso njere zisasweke. Ndikatha ndimathira m'mabigili apulasitiki n'kutseka ndii kuopa makoswe. Iwo anagwira mutu. Anandifotokozera kuti amayi anga ankaswa lichero limodzi la nsinjiro za tsiku lomwelo, pamene ine ndinkaswa matumba n'kutsekera mtedza wachinyontho m'bigili, m'nyumba yamalata yotentha, kwa masabata. Ndinkalimira chuku munda ndi manja anga. Ndinati nanga si ndimakazinga? Anati moto umapha chuku, koma poizoni amene chasiya sachoka, ndipo amawononga chiwindi pang'onopang'ono komanso kupinimbiritsa ana.

Ndinatuluka mu labu muja ndili ndi chisoni ndi chimwemwe pamodzi. Mwa chizolowezi, pakhomo ndinapisa m'chikwama n'kutulutsa botolo la chiponde kuti ndiwathokoze nalo. "Mayi, ndakulakwirani chiyani?" anatero bambo Jafali. Tonse tinafa nako kuseka, chifukwa linali la gulu lomwe lija lolephera.

Chiponde chakale tinachikwirira m'dzenje kuseri kwa nyumba. Bambo a Tamanda ankafuna kupatsa nkhuku, koma tinali titachenjezedwa kuti nazonso zisadye. Anakwirira akung'ung'udza ngati ali pamaliro. Ana tinapita nawo kuchipatala, ndipo adokotala atawayeza anati ali bwino, bola asadyenso chakale chija. Tsiku limenelo ndinagwada pakhonde la chipatala osasamala kuti anthu akundiona.

Tsopano mwezi unali ukutha, ndipo kuswa mtedza wouma si masewera. Zala zanga zinatuluka matuza. Nditanena vuto langa ku mapemphero a Lachinayi, amayi a mpingo wathu anabwera ndi malichero awo, n'kudzaza bwalo langa lonse. Tinaswa wouma gwaa tikuyimba nyimbo zachitsitsimutso, ndipo mayi abusa, amene anabwera ndi zikhadabo zopenta, anabwerera opanda n'chimodzi chomwe. Mtedza tinauyanika pamkeka, tinausunga m'matumba opita mpweya pamwamba pa matabwa, ndipo tinakazinga osachedwa.

Sampulo yatsopano ndinatapa mosasankha. Foni ya bambo Jafali inandipeza ndili pampopi. Anangoti, "Mayi, chakhoza." Ndinaululutira mpaka aneba anatuluka poganiza kuti kwabadwa mwana. Ku Limbe ndinafika kutatsala pang'ono kuti shelefu ija ipatsidwe kwa wina. Lero chiponde changa chili pamenepo, bambo a Tamanda ndi amene amakasiya katundu, ndipo gulu lililonse latsopano limayamba ladzera ku labu.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha bambo Jafali. Sitipemphera m'nyumba imodzi, koma Ambuye anawatuma kwa ine, ndipo anapirira mwano wanga. Ndikuthokozanso amayi anzanga amene anapereka zala zawo. Inu amene mumaswa mtedza wogulitsa, chonde siyani kuwaza madzi, zala zimapola.

Ndipo iwe m'bale wanga amene wapemphera koma yankho likubwera loti ayi, usataye mtima, usasiye kugwada. Ine ndinasala kudya kupempha kuti makina aja akhale olakwa, ndipo Mulungu anandikaniza kawiri konse. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati wandisiya. Koma akanandipatsa chimene ndinkalirira, bwenzi mmawa uno ndathiranso poizoni m'phala la ana anga ndi dzanja langa lomwe, ndikumwetulira. Alemekezeke Yehova amene anandikaniza. Ameni.