Anabweza mwana wanga chifukwa cha hijabu

Ndine mayi wachisilamu, ndimagulitsa nsalu pa Manjawira. Mwana wanga wamkazi atasankhidwa kupita kusekondale, tsiku loyamba lomwelo anabwerako m'mawa akulira. Mphunzitsi wina anamuimitsa pageti n'kumuuza kuti avule hijabu, apo ayi abwerere kwawo.

Bambo ake anati, "Ingomusiyani azikuthandizani mushopumu, tisadane ndi anthu." Koma ine sukulu ndinalekezera sitandade 6, ndipo sindinafune kuti naye athere panjira.

M'mawa mwake ndinapita naye kuofesi ya ahedi. Ndinapeza aphunzitsi atadzazamo, onse maso ali pa ine.

"Mayi, yunifolomu ndi yunifolomu," anatero mphunzitsi uja. "Tikalola mmodzi, mawa aliyense abwera ndi zake."

Ndinayankha kuti, "Aphunzitsi, ndinamva kuti masiku ano mwana sabwezedwa chifukwa cha chipembedzo chake. Ngati ndinamva zabodza, ndilembereni kalata yoti mwamuchotsa chifukwa cha mpango, musaine, ndipite nayo kwa akuluakulu a zamaphunziro kuboma."

Ahedi anatola cholembera, nachiyang'ana kwa nthawi yaitali, kenako anachiika pansi.

"Mpangowo uzifanana mtundu ndi yunifolomu," anatero. "Pita m'kalasi, mwanawe."

Nkhaniyi inafala pamsika. Ena anasiya kugula kwa ine, akuti ndine wamwano, ndipo mphunzitsi uja sandipatsa moni mpaka lero. Zimandiwawa ndithu. Koma mwana wanga ali fomu 3 tsopano, ndipo atsikana obwera pambuyo pake amalowa pagetipo osafunsidwa kanthu.

Amayi anzanga, akakukanizani ndi pakamwa chinthu chimene chili ufulu wanu, musatukwane. Auzeni mwaulemu kuti alembe.