Miyala ya Pakhonde ndi Makina a Mdzukulu Wanga

Moni abale, moni alongo, inu a kuno kumapiri ndi inu a kutsidya! Ndine NaPhiri wa ku Malomo. Zilembo zangazi ndi za sukulu ya kwacha, zimayenda mokhotakhota ngati njira ya mbuzi, koma mundipirire, pakuti mtima wadzaza. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene mdzukulu wanga Lemekezani anatsala pang'ono kubwerera kumudzi chimanjamanja.

Mwanayu ndinamulera ndekha, mayi ake atatisiya. Anali ndi mutu, eee, mutu! Mpaka anamutumiza kunja kukaphunzira makina otchedwa kompyuta. Tsono kalata ina inabwera yolemera. Ndinaiwerenga masiku atatu, chala pa chilembo, chala pa chilembo.

Anandifotokozera mwachimudzi kuti ndimve. Akuti makina akewo ali ndi mitu yambiri yogwira ntchito pamodzi, koma nkhokwe yosungira manambala ndi imodzi, ndipo ili patali. Mutu uliwonse ukamapita kunkhokwe nthawi zonse, ntchito imachedwa. Choncho uliwonse umakopera manambala n'kusunga m'kathumba kake pafupi. Koma wina akasintha nambala, anzake amatsala ndi yakale, n'kumawerengera zabodza. Iye anakonza zoti wosinthayo azikuwira mitu yonse. Mitu ikakhala yochepa zinkatheka, koma ikachuluka, phokoso linkadzaza waya, makina n'kuyamba kukwawa. Aphunzitsi ake anamuuza kuti nthawi ikatha asanapeze njira, abwerera wopanda pepala la digiri. Kumapeto analemba kuti, "Agogo, chakudya sichikulowa."

Abale, ndinalira. Ine wosadziwa ngakhale mtundu wa makinawo, ndimuthandiza bwanji? Ndinagwada m'munda, ndinagwada kumtsinje, ndinati, "Ambuye, munamuwolotsa nyanja kuti akamire pamtunda kodi?" Kumwamba kunali zii.

Ndinayenera kumuyankha. Masiku amenewo anthu ankanong'ona kuti kalata zopita kunja zimayamba zawerengedwa m'njira, choncho tinkangolemba za mvula ndi za kumunda. Ine mawu anzeru ndinalibe, ndiye ndinati bola ndimuseketse ndi manyazi anga a dima, ntchito ija timaitana anansi kudzatilimitsa ife n'kuwaphikira thobwa.

Ndinalemba kuti pa dima loyamba ndinakwera pachulu n'kukuwa kuti, "Lachinayi kwa NaPhiri!" Kenaka kunagwa maliro ku Msakambewa, ndinakweranso kukuwa kuti tasintha, ndi Loweruka. Mphepo inauluza mawu. A kutsidya kwa mtsinje sanamve, anabwera Lachinayi ndi makasu awo n'kupeza chitseko chotseka. Loweruka kunadzaza ena amene sanali m'maganizo mwanga, thobwa n'kuperewera. Mlamu wanga anaima pakati pa munda n'kunena kuti, "Alamu, kodi thobwa la chaka chino ndi lonunkhiza chabe?" Anthu anaseka mpaka kugwetsa makasu.

Tsono pa dima lotsatira ndinati pachulu sindikweranso. Nyumba iliyonse imene ndinaitana ndinaisiyira chitsononkho, n'kunena kuti, "Chikakhala chili m'nyumba muno, tsiku ndi lomwelo, musavutike kudzafunsa." Pobwerera ndinkaika mwala pakhonde panga, mbali imene kuli nyumbayo. Mvula itasokonezanso tsiku, ndinangoyang'ana miyala, ndinapita ku nyumba zokhazo, ndinatenga zitsononkho zanga. Osowa chitsononkho anadziwa kuti ayenera kumva tsiku latsopano. Ena onse m'mudzi sindinawasokose n'komwe.

Ndizo zonse ndinalemba. Ndinamanga khadi la chipani pansonga ya chitenje, ndinatsika kukaponya kalata, mtima ukundiuza kuti ndatumiza zachibwana kwa mwana wodwala.

Miyezi inadutsa, chimanga chinacha, tinakolola. Yankho osabwera. Ndinkati mwina ndamukhumudwitsa.

Tsiku lina masana ndikusenda mtedza, ndinangomva, "Odi kuno, akazi anga alipo?" Ndi mmene timasekera ndi adzukulu kwathu kuno. Kutukula maso, Lemekezani! Woonda, inde, koma mano onse panja, pepala lili m'chikwama. Ndinalulutira, ndinavina, mtedza unamwazika, nkhuku zinachita phwando!

"Amuna anga, mwandiondera chonchi, kumeneko kulibe akazi ophika?"

Iye maso ali pakhonde. "Agogo, miyala ija ili kuti?"

"Miyala iti? Ndinasesa kalekale."

Anagwira kumutu. "Mayo, mwasesa digiri yanga!"

Anandikhazika pansi n'kundiuza. Akuti atawerenga kalata ija anaseka koyamba patapita nthawi yaitali, kenaka kuseka kunaima. Anaona kuti makina ake akukuwa pachulu ngati ine. Anakonza zoti pambali pa nkhokwe pakhale kaundula wosonyeza mitu imene yakopera nambala iliyonse. Nambala ikasintha, uthenga upite kwa yokhayo, itaye yakaleyo. Mitu inayo ipitirize kutapa m'timatumba take mwachangu, popanda woisokosa. Sanandinamize, anati alipo ophunzira ena amene anali ataganizako za kaundula wotere, koma iye maso anali atakakamira pa kukuwa. Atatembenuka, anaikonza njirayo mwa iye yekha, makina anathamanga, manambala osanama, aphunzitsi anavomera.

Taonani, abale! Ine ndinkapempha mngelo wodziwa Chingerezi, koma Ambuye anatenga thobwa loperewera, anatenga chipongwe cha mlamu wanga, n'kuzikweza ndege. Tsiku limene anthu ankandiseka m'munda, yankho linali litayamba kale ulendo, pemphero ndisanapemphere n'komwe.

Ndikuyamika, ndikuyamika, ndipo sindileka. Inu amene muli ndi mwana kutali, inu amene mukuti manja anu ndi opanda kanthu, musaleke kugwada, ndipo kalata muzilemba ndithu, ngakhale ikhale ya zakumunda. Ine pakhonde ndimasesabe m'mawa uliwonse, koma mwala ndikaupeza, tsache ndimalambalalitsa.