Jombo Kumanja, Patapata Kumanzere

Pa siteji ya basi, mayi wina ankangoyang'ana mapazi a bambo amene anaima pambali pake.

"Pepani bambo, mwavala jombo kumanja, patapata kumanzere. Munadzuka mothamanga?"

"Ayi mayi, n'dala. Zakumwamba sizipanganika. Mvula ikagwa, phazi ili lili pabwino. Dzuwa likaswa mtengo, linzakeli likupitidwa mphepo."

"Ndiye kuti tsiku lililonse phazi limodzi limazunzika."

"Limodzi lokha! Inu ikagwa, onse awiri alira."

"Nanga basi ikapanda kubwera?"

"Apo ndiye pokoma. Ndikamayenda ndimatsimphina, amagalimoto amandimvera chisoni n'kunditenga."

Mayiyo anasuzumira kumsewu, kuli zii.

"Ine ndikachedwanso lero andichotsa ntchito. Ndibwerekeniko jombo inayo."

"Mwachedwa, mayi. Avala akazi anga, akutsimphina pa siteji ina."