Magalasi a Mayi Herminia

Bambo mfumu, abale a banja la Pinzón ndi la Ardila, anzanga a m'gulu loimba, ndi inu eni mudzi amene mwatseka masitolo anu kudzaperekeza mwana wanu, nayi mbiri ya amene agona pamaso pathuwa.

Malemu mayi Herminia Pinzón Rueda anabadwa pa 9 Malichi 1958 kuno ku Zapatoca, m'nyumba ya chitseko chobiriwira ija ili kuseri kwa msika, ndipo anabatizidwa m'tchalitchi chino ali ndi masabata atatu. Anali achinayi mwa ana asanu ndi awiri a malemu bambo Anselmo Pinzón, telala amene ankakonda kukhwatcha kagitala kotchedwa tiple Loweruka akaweruka, ndi malemu mayi Rosalba Rueda.

Sukulu anayambira kwa masisitere konkuno. Anali ndi dzanja labwino polemba, moti ali ndi zaka khumi zokha, sisitere woimbitsa kwaya anayamba kuwapatsa nyimbo zoti azikopera anzawo. Eni akewo ankati chimenecho chinali chilango cha kulongolola m'kalasi, koma chilangocho n'chimene chinawaphunzitsa kuwerenga manotsi asanagwireko choimbira chilichonse. Mu 1975 anatsikira ku Bucaramanga kukaphunzira za nyimbo. Mtima wawo unali pa vayolini, koma mphunzitsi wawo anangoyang'ana kutalika kwa mikono yawo n'kuwapatsa viyola, mkulu wake wa vayolini uja wa mawu okulirapo, amene anthu oonerera ambiri sadziwa n'komwe kuti alipo. Malemuwa ankati mphunzitsiyo anamukhululukira kalekale, ngakhale nkhaniyo ankatifotokozerabe chaka ndi chaka.

Mu 1980 analembedwa ntchito m'gulu lathu la okesitira, ndipo akhala nafe zaka makumi anayi ndi zisanu. Patatha zaka ziwiri, basi yathu inafera pamtsetse wa Chicamocha dzuwa likuswa mtengo. Makaniko amene anabwera kudzaikonza anali bambo Ramiro Ardila. Malemuwa anawaimirira pamutu maola atatu athunthu akuwauza mmene angagwirire ntchito yawo, ndipo chaka chisanathe anamanga ukwati woyera. Bambo Ardila sanaphonyepo konsati ya mkazi wawo ngakhale imodzi, ndipo pamaso pa maliro sitinganame, palibenso imene anaimaliza ali maso. Mayi Herminia ankawaikira kumbuyo. Ankati mkonono wa amuna awo umasunga nthawi bwino kuposa anyamata athu a ng'oma.

Kuti mumvetse ntchito imene ankagwira, ndiloleni ndifotokoze pang'ono mmene timakhalira. Oimba zansambo timakhala awiriawiri, ndipo awiriwo amawerenga pepala limodzi pa choikapo nyimbo chimodzi. Tsamba likatha nyimbo siyembekeza munthu. Choncho wokhala mpando wamkati amatsitsa uta wake woimbira n'kutembenuza tsamba kuti mnzake wa mpando wakunja asadukize. Palibe amene anaomberedwapo m'manja chifukwa chotembenuza tsamba, koma akachedwa pang'ono pokha holo yonse imamva. Mayi Herminia anakhala mpando wamkati moyo wawo wonse.

Kuyambira mu 1993, mnzawo wa mpando wakunja anali bambo Evaristo Mantilla, amene akhala kutsogoloku. Awiriwa ankanyozana ngati asuweni. Bambo Mantilla ankati mayiwa ndi mbala ya mapensulo. Mayiwa ankati mkuluyu amadzola mafuta onunkhira okwanira mudzi wonse. Tsiku losakangana tinkafunsana kuti kodi wadwala ndani. Koma paulendo uliwonse malemuwa ankadula pakati bokadiyo wawo, chotsekemera cha magwafa, theka n'kuliika pa bondo la mnzawoyo.

Zimene ndinene tsopanozi ambiri a ife tazidziwa mwezi uno, ndipo ndikuzinena chifukwa bambo Mantilla andipempha okha kuti zinenedwe pano.

Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, akazi awo atangomwalira kumene, bambo Mantilla anayamba kuchedwa kulowa nyimbo, mutu n'kumausendezera kufupi ndi pepala. Tsiku lina pokonzekera anaimba kadontho ka khofi poyesa ndi notsi. Mayi Herminia anaona zimenezi. Potuluka anawalozera basi imene inkabwera n'kuwafunsa kuti yalembedwa kuti ikupita kuti. Mkuluyo analephera kuwerenga. Pomwepo anaulula kuti adokotala awauza kuti maso awo akuzima pang'onopang'ono ndipo mankhwala ake palibe. Ankaopa kuti zikadziwika achotsedwa pampando, pamene viyola ndiye chinthu chokhacho chimene chinkawadzutsa m'mawa m'nyumba imene anatsalamo okha.

Lolemba lotsatira, amene anafika atavala magalasi anali mayi Herminia. Analengeza mokweza kuti maso awo atha, kuti kuyambira tsiku limenelo azikopera okha nyimbo zonse za pa choikapo chawo m'manotsi akuluakulu, ndipo amene ali ndi dandaulo abwere adzawauze pamaso. Inu mukuwadziwa anthu a kwanu kuno. Palibe anabwera. Magalasiwo anali a galasi wamba, ogula kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu.

Bodza limeneli linali ndi mtengo wake. Manotsi akakula, tsamba limodzi limasanduka atatu, ndipo wotembenuza amatsitsa uta katatu pamene anzake atsitsa kamodzi. Malemuwa anayamba kuimba pang'ono n'kumatembenuza kwambiri. Tsiku lina oimbitsa athu, mayi Luz Dary Serrano, anaimitsa gulu lonse n'kufunsa kuti, "Mayi Herminia, kodi kumeneko mukuimba kapena mukukupiza moto?"

"Ndikukupiza moto, mayi," anayankha motero osakweza n'komwe mutu, "poti nyimboyi mwaiziziritsa."

Mu 2021 mpando wa mtsogoleri wa oimba viyola unatsala wopanda munthu, ndipo tonse tinkadziwa kuti ndi wawo. Anaukana, ati sakonda kuyang'anidwa ndi anthu. Ena mwa ife tinawanena kumbali kuti akalamba, ayamba ulesi. Ine ndinali mmodzi mwa onenawo, ndipo lero manyazi andigwira.

Pa za Mulungu, malemuwa anali Mkhristu wolimbikira wa parishi yawo ku Bucaramanga. Anaimbitsa kwaya ya Misa ya m'mawa zaka makumi awiri, ndipo mabuku a nyimbo amene kwayayo ikugwiritsa ntchito mpaka lero ndi olembedwa ndi dzanja lawo. Anali a m'bungwe loyendera odwala, ndipo odwala ambiri ankati mayiwa akafika umachira msanga poopa kukalipiridwa.

Mu Febuluwale chaka chino, akuluakulu a gulu analengeza ndondomeko ya nyengo ikubwerayi. Tiyenda matauni asanu ndi atatu, kuyambira ku Girón pa 9 Ogasiti, kudzera ku Piedecuesta, San Gil, Barichara, Socorro, Vélez ndi Málaga, n'kudzatsiriza kuno ku Zapatoca pa 15 Novembala, m'tchalitchi momwe muno. Chiyambire gulu lathu silinafikepo kuno. Zaka zonsezi malemuwa ankachonderera, koma yankho linali limodzimodzi, lakuti lole yonyamula ng'oma ndi zoimbira zikuluzikulu singakhote m'makona a msewu wokwera kuno. Tsiku limene dzina la mudzi wawo linawerengedwa, anavula magalasi aja n'kumawapukuta kwa nthawi yaitali, kenaka anatiuza kuti aliyense asite malaya ake bwinobwino chifukwa kwawo n'kwa atelala.

Anayamba kudandaula m'mimba m'sabata yoyera. Mu Epulo adokotala anapeza khansa ya m'chiwindi, itafalikira kale. Bambo Ardila akuti mkazi wawo sanafunse kuti atsala ndi miyezi ingati. Anangoitanitsa nyimbo zinayi za ulendowu n'kuwerengera kuti m'manotsi akuluakulu zikwana masamba 112. Amuna awo anadula miyendo ya thebulo lositirapo kuti lizikhala bwino pabedi, ndipo m'mawa uliwonse ululu usanakule, malemuwa ankalemba. Poyamba ankatha masamba atatu patsiku, kenaka awiri, kenaka theka.

Mwezi watha bambo Mantilla anapita kukawaona atanyamula kalata yosiyira ntchito. Anawauza kuti asadzivutenso n'kulemba, pakuti mwini magalasi akachoka palibenso chonamizira manotsi akuluakulu, ndipo iwo sangapirire kuti gulu lonse liziwamvera chisoni. Mayi Herminia anawerenga kalatayo bwinobwino, opanda magalasi, n'kuitembenuza kuyamba kuyesererapo cholembera kumbuyo kwake.

"Akulu inu," anatero, "zaka zisanu ndi chimodzi mphuno yangayi yasenza galasi la pawindo chifukwa cha inu. Taonani zipsera. Ndiye lero muzindiuza zosiya? Pitani mukawauze mayi Serrano zoona zake ndi pakamwa panu. Mukabwerenso ndi kalata ngati iyi, mundipeza ndafa dala kuti musandipepese."

Bambo Mantilla anavala zilimbe n'kupita. Akuti anayamba nkhaniyo kutali, akuzungulirazungulira, mpaka mayi Serrano anawadula pakamwa.

"Bambo Mantilla, munthu wakufa maso angaone batani losamanga pa malaya anga ali mzere wachitatu, monga ankachitira mayi Herminia? Ndakhala ndikudziwa kuyambira chaka choyamba. Ndimangodikira kuti mutope nokha. Mpando wanu ulipo, ndipo Lachiwiri musachedwe."

Atamva zimenezi, malemuwa anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anakwiya kuti ndiye bwanji mayiwo sanawauze kale avule zinthu zolemerazo.

Anagonekedwa m'chipatala pa 14 Julayi, ndipo thebulo lija linapita nawo. Analandira masakramenti a odwala Lachisanu lapitali. Anatisiya Lolemba pa 21 Julayi, cha m'ma 9 koloko m'mawa, amuna awo atawagwira dzanja. Amwalira ali ndi zaka 67.

Titatsegula mapepala awo tinapeza masamba 111, oyera bwino ngati osindikiza. Pansi pa tsamba lililonse analembapo ndi pensulo malangizo kwa amene adzakhale pampando wawo, munthu amene sankamudziwa n'komwe. Pena analemba kuti tembenuzani msanga, mkuluyu amachita mantha apa. Pena analemba kuti musatembenuze mpaka atagwedeza mutu. Mapensulo ake, bambo Mantilla awazindikira kuti ndi awo aja ankasowa.

Tsamba lotsiriza la nyimbo yotsiriza, imene tidzatsekere ulendo wathu muno, sanathe kulikopera. Anangojambula mizere yake, ndipo pakati pa mizereyo analemba m'zilembo zazikulu, zonjenjemera, mawu awa: "A Evaristo, tsamba ili mwaliimba kambirimbiri ndili pambali panu. Mukulidziwa. Tsinzinani maso opanda ntchitowo muimbe. Ine ndikakhala nditafika kale kumudzi, ndipo mukachedwa kulowa ndidzamva."

Bambo Mantilla ayamba kale kuliloweza. Kuchokera muno kukafika kumene tikawagoneke masana ano si patali, choncho tapempha bambo mfumu, ndipo avomera, kuti pa 15 Novembala zitseko zonse za tchalitchi chino zidzakhale zotsegula.

Malemu mayi Herminia Pinzón Rueda asiya amuna awo, bambo Ramiro Ardila, ana atatu, Marisol, Efraín ndi Nubia, zidzukulu zisanu, achemwali awo awiri, mayi Carlina ndi mayi Otilia, ndi mlongo wawo mmodzi, bambo Libardo. Asiyanso oimba anzawo makumi asanu ndi limodzi kudza atatu, ndi mnzawo wa mpando wakunja, amene kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri sanatembenuzepo tsamba ndi dzanja lake.

Amene munaona nkhope m'mawa uja mwina munadabwa kuti magalasi aja sitinawaveke. Amuna awo akana. Akuti kumene akupitako kulibenso woti amunamize.

Mayi Herminia, tsitsani uta. Ambuye awalandire, ndipo apumule mu mtendere wosatha.