Foni Yosamva Kunenerera

Abusa, akuluakulu a mpingo, amayi ndi abambo, landirani moni m'dzina la Ambuye wathu. Ndaima pano kuti ndichitire umboni, ndipo ndiyambe ndi mawu amene ndinkayenda nawo pakamwa: pa Ntcheu pano palibe munthu angandigonjetse pa kunenerera mtengo. Ena mukumwetulira chifukwa munagulapo kachewere kwa ine pamsewu waukulu paja. Mukundidziwa. Munthu ankatsika galimoto akufuna ndowa imodzi, n'kuchoka ndi ziwiri, akundithokozanso.

Mabenchi ogulitsira tinali nawo awiri. Ine pa Boma, m'mbali mwa msewu. Mayi a kunyumba, aNangozo akhala apowa, ku Bwanje, kumene kachewere amachita kuchokera kumtunda. Ankakhala komweko kwa achemwali awo, kuno kumangobwera mwa apo ndi apo. Ndiye mtengo wonyamulira katundu unakwera, n'kuoneka kuti mabenchi awiri sitiwakwanitsa. Imodzi itsekedwe. Ine sindinavutike n'kuganiza komwe. Kwanga magalimoto amaima, anthu amapanikizana, phokoso tsiku lonse. Kwa aNangozo ukafika umamva ntchentche ikudutsa.

Ndinawauza kuti, "Mayi, kabenchi kanu kaja tikatseke. Mubwere kuno muzidzandithandiza kuthira m'majumbo."

Iwo anati, "Bambo, benchi ija ndinaiyamba ndi dengu pamutu. Mukafuna kutseka katsekeni, koma ine ku Bwanje sindichokako."

Amene muli pabanja mwamva. Apa nkhani inali itachoka pa kachewere. Banja langa, abale, linali pa benchi imeneyo.

Masiku omwewo ku gulu lathu la amalonda kunabwera mayi wina wophunzitsa za bizinesi, atatenga pulogalamu ya pafoni. Anati makampani akuluakulu sayendera zimene bwana walota. Amalowetsa zonse m'kompyuta, amaona chimene chikuyenda ndi chimene chikuwadya, kenako ndiye amagamula. "Nanunso mungathe," anatero. "Thumba likafika, lowetsani. Ndowa ikatuluka, lowetsani. Wowola, wa banyira amene mumaonjezera wogula, zonse."

Mumtima ndinati mboni ndaipeza. Foni idzawauza yokha aNangozo kuti atseke, ine osatsegula pakamwa. Pulogalamuyo inali yolipira, ndipo ndinanenerera mpaka mayi uja anapukuta thukuta n'kunditsitsira. Taganizani, abale. Ndinanenerera ndodo yodzandikwapulira ine ndemwe, ndipo ndinaipeza motchipa.

Tinapangana pamaso pa mayi uja kuti aliyense azilowetsa zake nyengo yonse ya kachewere, ndipo chimene foni idzaonetse tidzatsata chomwecho. Amene anakakamira mfundo imeneyi ndine. Mumve bwino pamenepa, ndine.

Nyengo itatha tinakumana atatu. Mayi uja anatsegula foni, panatuluka mizere iwiri, wanga ndi wa aNangozo. Choyamba inaonetsa mtengo wa ndowa. Wanga unali pamwamba. Ndinakhosomola kuti onse amve. Kenako mayi uja anasuntha chala, n'kufika pamene imaonetsa kumene thumba lililonse limathera.

Kachewere wanga wambiri ankathera malo awiri: ku dzala la zowola ndi pa banyira. Wogula akatchula mtengo wotsika, ine ndinkakana, ndinkadikira wina, kachewere ali padzuwa kufota, mawa lake wayamba fungo. Ndipo ndikamupana munthu mpaka wavomera mtengo wanga, chimwemwe chinkandigwira. Ndinkathira banyira, kuthiranso, kuthiranso, ndowa kusefukira, wina kumuikira m'chitenje kuti asapite akundida. Ndinkapambana pakamwa, manja n'kubweza zonse.

ANangozo mtengo wawo unali umodzi, banyira wa dzanja limodzi, ndipo thumba linkatha lisanadziwe kuti ku Bwanje kumatentha. Benchi ya zii ija ndiyo inkanyamula benchi yaphokoso.

Ndinati, "Mayi mphunzitsi, foni iyi yabwera ndi munthu wamkazi. Ikukondera."

Anati, "Manambalawa munalowetsa ndinu, bambo."

"Chabwino. Koma pa wowolayo tichotsepo pang'ono, tikumane pakati."

"Foni siimva kunenerera."

Ndinayang'ana aNangozo. Iwo ankangokonza duku lawo, limene linali lokonzeka kale.

Malinga ndi pangano langa lomwe, benchi yotseka inali yanga. Musaganize kuti zinali zoseketsa nthawi imeneyo. Munthu wodziwika pamsewu wonse, ndikakhale pakhonde kuwerenga njinga zodutsa? Ndinabwera muno pakati pa sabata, mulibe munthu, ndinagwada cha apo pali achinyamata a kwayala. Ndikuuzeni zoona, ngakhale Mulungu ndinayamba kumunenerera. Ndinati Ambuye, tsekani theka lokha, theka linalo mundisiyire. Sindinamve yankho. Koma mtima unakhala pansi, ndipo ndinatuluka ndikudziwa kuti pangano ndilisunga, zivute zitani.

Yankho linadzera mwa munthu amene ndinkafuna kumutsekera. Nditawauza aNangozo kuti ndavomera, anati, "Musathamange. Tiyeni tikaonenso foni ija, pali pena sitinatsegule." Tinabwerera kwa mayi uja, iwo n'kupempha kuti aonetse mbali ya kagulidwe. Apo mizere inatembenuka. Matumba amene ndinkapita ndekha kukagula kwa alimi kumtunda anali otsika mtengo, komanso osankhidwa bwino. Matumba a aNangozo, amene ankachita kuwabweretsera anthu apakati, anali odula.

ANangozo anati, "Mwaona, mayi mphunzitsi? Pakamwa pa bambowa mpabwino, kungoti anaima mbali yolakwika ya ndowa. Azigula, ine ndizigulitsa."

Abale, ine ndinaitenga foni ija kuti ikhale mboni yowatsekera. Iwo anaitenga foni yomweyo n'kundipezera nayo ntchito.

Lero benchi ya pa Boma kulibe. Ine ndimakwera kumtunda kukagula, foni imatiuza matumba amene benchi ingamalize asanafote, ndipo sindipitirira pamenepo ngakhale mlimi atandinyengerera bwanji. Alimi muli muno musandiyang'ane choncho, ndimafika pakhomo panu ndipo sindikusiyirani wamng'onowamng'ono. Tinapeza kanyumba ku Bwanje, tikukhala limodzi. Kutentha kwake ndiye musanene, munthu wakumtunda ngati ine ndimasamba ngati bakha. Ndikakhala pa benchi, lamulo ndi limodzi: manja kumbuyo. Banyira amathira ndi mayi.

Ndikuthokoza Mulungu amene amatha kugwiritsa ntchito ngakhale kachipangizo ka m'thumba pogwetsa munthu wodzikuza, osamuthyola. Ndikuthokoza aNangozo, amene mpaka lero sanandiuzepo kuti ndinakuuzani. Kondwerani nane, abale, muwombereni Ambuye m'manja.

Koma ndisanakhale pansi mundithandize nkhani imodzi, chifukwa kunyumba timakanganabe. Benchi yanga inatsekedwa, yawo ilipo. Foni inanena zoona, ndipo sinachotsepo olo pang'ono. Koma ine ndinalowa m'nkhaniyi ndikufuna kuti mkazi wanga abwere tizikhala pamodzi, ndipo tikukhala pamodzi, ntchito n'kupatsidwanso ngati banyira. Ndiye inu amene mumadziwa malonda, tandiuzani: anapambana ndani?